Ndani anapita kumeneko ndi themomita?

Funso la sabata ino lachokera kwa mnyamata wa ku Mufakose amene ali chaka chachitatu pa maphunziro a physics kuno ku Harare. Walemba motere: "Aphunzitsi, pa intaneti ndimaona manambala a mphepo ya dzuwa: liwiro makilomita 420 pa sekondi, ma proton 5 pa cubic sentimita, kutentha madigiri 100,000. Nditawawerengera agogo anga, omwe anabwera kuno kuchokera ku Dedza kalekale, anandiseka n'kundifunsa kuti, 'Ndani anapita kumeneko ndi themomita?' Ndinasowa chowayankha. Manambalawa amachokera kuti kwenikweni, ndipo ndingawadalire kufika pati pa kafukufuku wanga wa chaka chomaliza?"

Mphwanga, agogo akowo usawatenge ngati akungokuseka, afunsa funso la munthu wodziwa kuyeza zinthu. Kumeneko kulibe themomita, kulibenso kachipangizo kozungulira koyezera mphepo kangati kamene umakaona ku Belvedere kwa azanyengo. Ngakhale utapita nako sikangagwire ntchito. Mpweya uli m'chipinda chako muli mamolekyu pafupifupi 25 kutsogolo kwake maziro 18 m'kabokosi ka sentimita imodzi mbali zonse. M'kabokosi komweko, mphepo ya dzuwa ikafika pafupi ndi dziko lathu imakhala ndi ma proton 5 okha, mwina 10. Palibe chokankha chitsulo kuti chizungulire, palibe chotenthetsa themomita. Chimene chombo cha m'mlengalenga chimachita n'chimodzi: chimatsegula kakhomo, n'kuwerenga tinthu tolowa, n'kulemba kuti pa nthawi imeneyo khomo linayang'ana kuti ndipo linali ndi mavolti angati. Liwiro, kuchuluka ndi kutentha ndi masamu amene anthu amachita pambuyo pake. Ukaigwira mfundo imeneyi, zotsalazi zikhala zongolongosola.

Ndiyambe ndi chinthu choyezedwacho. Mphepo ya dzuwa ndi plasma imene dzuwa limatulutsa, kutanthauza mpweya wotentha kwambiri mwakuti ma atomu ake anayoyoka ma electron. Tinthu tambiri mmenemo ndi ma proton ndi ma electron, kenako ma alpha, omwe ndi mitima ya helium, pafupifupi 4 pa ma proton 100 aliwonse mu mphepo yothamanga, ndi tinyenyeswa ta oxygen, carbon ndi iron. Wasayansi wa ku America Eugene Parker analemba mu 1958 kuti mphepo yotere iyenera kukhalapo, anthu ambiri osamukhulupirira. Zombo za Luna za dziko la Soviet Union zinaikhudza mu 1959 ndi zipangizo za Konstantin Gringauz, ndipo mu 1962 Mariner 2 ali pa ulendo wa ku Venus, Marcia Neugebauer ndi Conway Snyder anaonetsa kuti imaomba kosalekeza, nthawi zina pang'onopang'ono, nthawi zina mwaliwiro. Yoyenda pang'onopang'ono imakhala pa makilomita 300 mpaka 400 pa sekondi, yothamanga imafika 700 kapena 800. Pa 400 imatenga masiku anayi ndi maola ochepa kuchoka ku dzuwa kufika kuno.

Tsopano mawu akuti kutentha. Unaonapo njuchi zikusamuka? Gulu lonse limalowera mbali imodzi, koma mkati mwa gululo njuchi iliyonse imapita uku ndi uku. Liwiro la gulu ndilo liwiro la mphepo. Piringupiringu wa mkatiyo ndiye kutentha. Pa madigiri 100,000 a Kelvin, proton imayendayenda mkati mwa gulu pa makilomita pafupifupi 40 pa sekondi, pamene gulu lonse likuthamanga 400. Choncho kwa chombo, mphepoyi imabwera ngati kamtsinje kopyapyala kochokera mbali ya dzuwa, kotambasuka madigiri ochepa chabe. Ichi n'chimene chimapangitsa ntchitoyi kukhala yosavuta mbali ina ndi yovuta mbali inzake. Kupeza liwiro n'kosavuta chifukwa kamtsinjeko n'kooneka bwino. Kupeza kutentha n'kovuta chifukwa uyenera kuyeza kunenepa kwa chinthu choonda kale.

Zipangizo zake zilipo za mitundu iwiri ikuluikulu, ndipo uyenera kudziwa kuti fayilo imene watsitsa yachokera ku mtundu uti.

Woyamba ndi Faraday cup. Dzina lakelo likunena zoona, ndi chikho chachitsulo. Pansi pake pali mbale yolandira tinthu, pakamwa pake pali mawaya oluka ngati sefa ya ufa. Sefa imodzi amaipatsa mavolti a positive. Proton ili ndi chaji ya positive, ndiye sefayo imakhala ngati chitunda: yobwera ndi mphamvu yokwanira imakwera n'kudutsa, yoperewera imabwerera. Werengera wekha. Proton ya makilomita 400 pa sekondi ili ndi mphamvu ya theka la kulemera kwake kuchulukitsa ndi liwiro kawiri, zomwe zimatuluka pafupifupi ma electronvolt 835. Ndiye kuti mavolti 700 sangaiimitse koma 1,000 aibweza. Zodutsazo zikagwa pa mbale zimapanga karenti, ndipo karentiyo ndi imene chombo chimatumiza pansi.

Karenti yake ndi yaing'ono zomvetsa chisoni. Ma proton 5 pa cubic sentimita akuyenda pa 400 ndiye kuti 200 miliyoni akugunda sikweya sentimita iliyonse pa sekondi. Ikumveka nambala yaikulu, koma ukaichulukitsa ndi chaji ya proton imodzi, mbale ya masikweya sentimita 30 imalandira pafupifupi nanoampere imodzi. Chaja ya foni yako imatulutsa ma ampere awiri. Komanso kuwala kwa dzuwa kukagunda chitsulo kumathothola ma electron, amene amapanga karenti yawoyawo yosokoneza. Nzeru imene anapeza akatswiri a ku yunivesite ya MIT ku America ndi yokongola. Mavolti a sefa sawasiya pamodzi, amawadumphitsa pakati pa milingo iwiri, tinene 800 ndi 850, kambirimbiri pa sekondi. Karenti yochokera ku kuwala siisintha, koma ya ma proton amene mphamvu yawo ili pakati pa 800 ndi 850 imayaka n'kuzima motsatira kudumphako. Chipangizo chimangomvera yoyaka n'kuzimayo. Chikatha apo chimakwera pa zenera lina la mavolti, mpaka chitayendera onse.

Chikho chimodzi chimangodziwa mbali ya liwiro yolunjika pakamwa pake. Pa chombo cha Wind, chimene chinanyamuka mu November 1994 ndipo chagwira ntchito zaka zoposa 30, anaika zikho ziwiri, china chopendekera m'mwamba madigiri 15, china m'munsi madigiri 15. Chombocho chimazungulira kamodzi pa masekondi atatu, ndiye zikhozo zimaona kamtsinje kaja kuchokera m'makona ambiri, ndipo muyezo wathunthu umatenga masekondi pafupifupi 92. Zikho zina mbale yake anaigawa m'zigawo. Mphepo ikabwera chopendekera, chigawo china chimalandira zambiri kuposa chinzake, ndipo kusiyanako kumaulula kumene ikuchokera.

Mtundu wachiwiri ndi electrostatic analyser. Apa pali mbale ziwiri zokhota, ina mkati mwa inzake, pakati pake kampata kopapatiza, ndipo pakati pa mbalezo pali mavolti. Ganiza za njinga pa khona la msewu wotsetsereka. Wothamanga kwambiri amaponyedwa kunja, woyenda pang'onopang'ono kwambiri amagwera mkati, amene liwiro lake lagwirizana ndi khonalo ndiye amatulukira. Ion imene mphamvu yake yagwirizana ndi mavolti a nthawi imeneyo imamaliza khona n'kukagunda detector, kawirikawiri microchannel plate kapena channeltron, imene imasandutsa kugunda kumodzi kukhala ma electron ambirimbiri oti n'kuwerengeka. Apa sitiyeza karenti, tikuwerenga imodzi imodzi. SWEPAM ya pa chombo cha ACE, cha mu 1997, ndi ya mtundu uwu. Chimodzimodzi PAS ya pa Solar Orbiter, chimene chinanyamuka mu February 2020.

Kuchoka pa chiwerengero kufika pa manambala ako aja pali mlatho umodzi, ndipo ophunzira ambiri amaterereka pomwepo. Chimene tikufuna ndi distribution function, f, yonena kuti ma ion angati ali ndi liwiro lakutilakuti kulowera mbali yakutiyakuti. Chiwerengero cha detector si f. Kuti upeze f umatenga chiwerengero C, n'kuchigawa ndi nthawi imene khomo linali chitsegukire, ndi geometric factor G, ndi liwiro lochulukitsidwa lokha kanayi: f = C / (G × t × v⁴). Chifukwa cha v⁴ usangochiloweza. Ma ion othamanga amafika pakhomo ambiri pa sekondi, ameneyo ndi v mmodzi. Zenera la analyser limakula molingana ndi liwiro, wachiwiri. Ndipo kona yomweyo ya khomo imakuta dera lalikulu pamene liwiro lili lalikulu, molingana ndi v², awiri otsalawo. Ukaiwala kugawa ndi v⁴, nsonga ya girafu yako isunthira kumtunda ndipo liwiro lako lituluka lokwera.

G ndiye kukula kwa khomo monga mmene ion imalionera, kuphatikizapo mawaya otchinga ndi luso la detector. Amamuyeza mu labu chombo chisananyamuke. Koma microchannel plate imakalamba, luso lake limatsika ndi zaka, ndipo palibe wopita kukaikonza. Kuchuluka kwa ma proton kumadalira G mwachindunji: G akalakwika ndi 20 pa 100, kuchulukanso kwalakwika ndi 20 pa 100. Liwiro silikhudzidwa kwenikweni, chifukwa limachokera pa malo amene nsonga ya girafu yaima, osati kutalika kwake. N'chifukwa chake ine ndikafunsidwa ndimati liwiro likhulupirire kwambiri, kuchuluka pang'ono, kutentha mochenjera.

Ukakhala ndi f, njira zilipo ziwiri. Yoyamba amati moments, ndipo ndi masamu a avereji basi. Phatikiza f yonse, wapeza kuchuluka. Tenga avereji ya liwiro, wapeza liwiro la gulu. Ona mmene tinthu tamwazikira kuzungulira averejiyo, kutalikira kwake kuchulukitsa kokha, wapeza kutentha. Ubwino wake suyenera kulingalira kuti gululo lili ndi maonekedwe otani, ndipo kompyuta yaing'ono ya m'chombo imatha kuchita yokha. Kuipa kwake imameza chilichonse. Kuwerenga tinthu kuli ndi chikaiko cha sikweya ruti ya chiwerengero: ukawerenga 100 chikaiko ndi 10, ukawerenga 4 chikaiko ndi 2, theka lathunthu. Kumichira kwa girafu, kutali ndi nsonga, ziwerengero zimakhala zochepa chonchi, mwinanso phokoso chabe, koma masamu a kutentha amazipatsa ulemu waukulu chifukwa zili kutali. Tinthu tiwiri tosochera titha kukweza kutentha kwa gulu lonse.

Yachiwiri ndi fitting. Umayamba ndi chithunzi cha m'mutu, kawirikawiri Maxwellian, chija chooneka ngati chulu, n'kufunsa kuti chulu cha kuchuluka kotani, liwiro lotani ndi kunenepa kotani chikanapereka ziwerengero zimene chipangizo chaona. Kompyuta imasinthasintha manambalawo mpaka agwirizane. Njirayi siitekeseka ndi phokoso la kumichira, ndipo imatha kulingalira mbali imene chipangizo sichinaione. Koma imakuyankha funso limene wafunsa, ngakhale litakhala lolakwika. Ndipo mphepo ya dzuwa si chulu chimodzi chosalala. Mpweya wa m'chipinda umakhala Maxwellian chifukwa mamolekyu amagundana kosalekeza. Kumeneko proton itha kuyenda mtunda wofanana ndi wochokera ku dzuwa kufika kuno isanagundane bwinobwino ndi inzake. Zombo za Helios za m'ma 1970, zimene zinayandikira dzuwa mpaka pafupifupi magawo atatu mwa khumi a mtunda wathu, zinaonetsa kuti kutentha kotsata mzere wa maginito a mu mphepoyo kumasiyana ndi kopingasa, ndiponso kuti nthawi zambiri pamakhala kagulu kachiwiri ka ma proton, kotchedwa beam, kothamanga patsogolo pa gulu lalikulu motsata mzere wa maginito. N'chifukwa chake m'mafayilo a Wind upeza bi-Maxwellian ndi kutentha kuwiri. Moments ndi fit zikasiyana pa nthawi ina, usafulumire kunena kuti ina yanama. Kawirikawiri kusiyanako kukukuuza kuti pali beam kapena mchira umene fit yausiya dala.

Pali msampha wina umene ndikufuna tikhalepo pang'ono, chifukwa umagwira ngakhale anthu akuluakulu. Zipangizo ziwiri zija siziyeza liwiro, siziyezanso mphamvu. Zimayeza mphamvu yogawidwa ndi chaji, E/q. Alpha imalemera kanayi kuposa proton koma chaji yake ndi iwiri. Ikamayenda pa liwiro limodzi ndi proton, imaonekera pa mavolti owirikiza kawiri: proton pa 835, alpha pa 1,670. Ukajambula girafu uona phiri lalikulu ndi kaphiri kakang'ono kumanja kwake. Chipangizo sichikuuza kuti kaphiriko ndi helium. Ukangotenga zonse ngati ma proton, ma alpha aja aoneka ngati ma proton othamanga makilomita 566 pa sekondi. Liwiro la gulu likwera pang'ono chabe, koma kutentha kwa mbali imeneyo kutha kuwirikiza pafupifupi kawiri, chifukwa waika tinthu kutali ndi nsonga. Mphepo ikakhala yozizirirapo mapiri awiriwa amapatukana bwino ndipo umangodula pakati. Ikakhala yotentha amalowerana, beam ija nayo n'kudzakhala pakati pawo, ndipo apa ndi pamene fitting imaposa moments. Zipangizo ngati SWICS ya pa ACE zinawonjezera kuyeza nthawi imene ion imatenga kuuluka kamtunda kodziwika mkati mwake, ndipo potero zimasiyanitsa kulemera, n'kutha kutchula kuti iyi ndi oxygen, iyi ndi iron.

Ma alpha usawaone ngati zinyalala zongosesa. Ngakhale ali 4 pa 100 pa chiwerengero, pa kulemera amawonjezera 16 pa 100. Ukafuna kuwerengera mphamvu imene mphepo imakankhira chishango cha maginito cha dziko, masamu ake ndi 1.67 × 10⁻⁶ kuchulukitsa kuchuluka, kuchulukitsa liwiro kawiri, yankho mu nanopascal. Ndi 5 ndi 400 upeza 1.3. Ukasiya helium wachepetsa yankho lako popanda chifukwa.

Kenako chombo chomwecho chikuyenda. Ukakwera kumbuyo kwa lole mvula ikugwa choongoka, imakumenya kumaso ngati ikuchokera kutsogolo. Dziko limazungulira dzuwa pa makilomita pafupifupi 30 pa sekondi, ndipo zombo za pa L1, malo aja ali makilomita 1.5 miliyoni kuchokera kuno kulowera ku dzuwa, zimayenda nalo limodzi. Choncho mphepo ya 400 imaoneka ngati yapendekera madigiri anayi. Mafayilo ena anachotsa kale zimenezi, ena ayi. Werenga mutu wa fayilo. Kwa chombo cha Parker Solar Probe nkhaniyi ndi yaikulu zedi. Pa 24 December 2024 chinadutsa makilomita 6.1 miliyoni kuchokera pa nkhope ya dzuwa chikuthamanga pafupifupi makilomita 190 pa sekondi. Chili ndi chikho chimene chimasuzumira kunja kwa chishango cha kutentha, masefa ake a tungsten, mawaya a niobium ogwiridwa ndi sapphire. Chilinso ndi analyser yotchedwa SPAN-I yobisala kuseri kwa chishango, imene nthawi zambiri imaona mbali chabe ya gulu, ina yatchingidwa. Moments za gulu loonedwa theka zimapereka kuchuluka kochepa ndi liwiro lopotoka. Chosangalatsa n'chakuti pafupi ndi dzuwa liwiro la chombocho, monga lole ija, ndilo limapendeketsa mphepo kuti ilowe pakhomo la SPAN-I.

Nthawi nayo imanyenga. Ngati muyezo umodzi utenga masekondi 92, ndipo mkati mwake mafunde agwedeza mphepo uku ndi uku, chithunzi chimatuluka chonenepa ngati cha foni yogwedezeka, ndipo kunenepako masamu amakutcha kutentha. Mbali inanso, mphepo ikazizira kwambiri gulu lonse limakwana m'mazenera awiri kapena atatu a mavolti, ndiye ukuyeza kunenepa kwa ulusi ndi rula ya kusukulu.

Ndiye timadziwa bwanji kuti sitikungodzinamiza? Mlandu sagamula ndi mboni imodzi. Mboni yabwino kwambiri pa kuchuluka siiwerenga tinthu n'komwe. Ma electron a mu plasma amanjenjemera pa frequency yawoyawo, kutanthauza kuti kangati pa sekondi, pafupifupi ma kilohertz 9 kuchulukitsa sikweya ruti ya kuchuluka. Pa 5 ndi pafupifupi ma kilohertz 20. Mlongoti wautali wa wailesi wa pa chombo umamva kunjenjemerako ngati mzere woonekera bwino, ndipo frequency ndi chinthu chimene timayeza molondola kwambiri, chosadalira G, chosakalamba ngati detector. Plasma ilibe chaji yotsala, choncho ma electron ayenera kufanana ndi ma proton kuphatikiza ma alpha kawiri. Wind ndi Parker Solar Probe zonse zili ndi milongoti yotere, ndipo ndi imene amayesera nayo zipangizo zowerenga ma ion. Mboni ina ndi zombo zinzake: Wind, ACE ndi DSCOVR, cha mu 2015, zinayeza pafupi ndi L1 nthawi imodzi kwa zaka zingapo. Ukaziika pa girafu imodzi uona liwiro likugona mzere pa mzere, kuchuluka ndi kutentha kukusiyanako. Chita zimenezi wekha kamodzi, uphunzira zambiri kuposa zimene ndalemba pano.

Ndikuuze za October 2003, chifukwa ndi chitsanzo cha nambala yooneka bwino koma yabodza. SWEPAM ya pa ACE imayamba yafufuza pamene nsonga ya ma proton ili, kenako n'kumayeza mozungulira pamenepo. Pa namondwe wa dzuwa wa kumapeto kwa mweziwo, tinthu tamphamvu kwambiri tochokera ku dzuwa tinaboola makoma a chipangizo n'kudzaza detector ndi ziwerengero zabodza. Chipangizocho chinasokera n'kumayang'ana pa mavolti otsika, pamene mphepo yeniyeni inali kumtunda kwambiri. Ruth Skoug ndi anzake a ku Los Alamos anabwerera ku miyezo ya kufufuza ija, imene inkabwera kamodzi pa mphindi 33, n'kupeza kuti pa 29 ndi 30 October liwiro linaposa makilomita 1,850 pa sekondi. Nthawi imene dziko linkafunitsitsa nambala yolondola ndi imene chipangizo chinachita khungu. Faraday cup siivutika kwambiri ndi zotere, chifukwa tinthu tamphamvuto sitimvera kudumpha kwa mavolti a sefa, ndipo DSCOVR anaiika chikho.

Mwina ukuti zonsezi n'za azungu akumpoto. Namondwe yemweyo wa 2003 akatswiri a ku University of Cape Town anamugwirizanitsa ndi kuwonongeka kwa mathiransifoma akuluakulu angapo ku South Africa. Mawaya a magetsi a maiko athu ano ndi olumikizana, ndipo ofesi yoyendetsa Southern African Power Pool ili konkuno ku Harare. Kuchokera pa L1 mphepo ya 400 imatenga ola limodzi kutifika, ya 800 theka la ola. Chenjezo lonse limene mabungwe oonera nyengo ya m'mlengalenga, SANSA ya ku Hermanus ku South Africa kapena NOAA ya ku America, angapereke pa mphindi zomalizazo latsamira pa manambala amene tikukambiranawa, pamodzi ndi muyezo wa maginito.

Pa kafukufuku wako, yamba ndi webusaiti ya OMNIWeb ya NASA, imene ili ndi mafayilo otchedwa OMNI. Ndi yaulere, mafayilo a ola ndi ola ndi aang'ono, sangakuthere bandulo. Dziwa kuti OMNI ndi yosakaniza zombo zingapo, ndipo nthawi zake anazisuntha kuti zionetse pamene mphepo yafika pafupi ndi dziko, osati pamene inadutsa pa chombo. Ukafuna za chombo chimodzi, ndi moments ndi fit pambali pambali, pita pa webusaiti ina ya NASA, CDAWeb, utenge za SWE, chipangizo cha pa Wind chokhala ndi zikho zija. Pamene muyezo wasowa saika mpata, amaika nambala yodzazira monga 9999 kapena 999.9, ndipo m'mafayilo a CDF nthawi zambiri -1e31. Ine ndemwe ndili wophunzira ndinatenga avereji ya mwezi wathunthu osazichotsa, n'kupeza mphepo ya liwiro loposa 1,000. Ndinagona usiku umenewo ndikudziona ngati ndatulukira chinthu, m'mawa mphunzitsi wanga anangoloza ndi cholembera pa mzere wa ma 9. Ndipo ukaona Vx, liwiro la mbali ya x, ili negative usadabwe. Mu GSE, njira yolozera mbali imene mafayilowa amagwiritsa ntchito, mzere wa x umaloza ku dzuwa, mphepo ikuchokera komweko. Mafayilo ena sapereka kutentha koma thermal speed, ndiye onetsetsa ngati agwiritsa ntchito sikweya ruti ya 2kT/m (T ndi kutentha, m ndi kulemera kwa proton, k ndi nambala ya Boltzmann), monga amachitira a Wind, usanasandutse.

Masiku oyeserera ndikupatsa atatu. Pa 11 May 1999 kuchuluka kunatsika kufika pansi pa proton imodzi pa cubic sentimita, mpaka anthu anati mphepo ya dzuwa yatsala pang'ono kuzimirira. Ona mmene zombo zikusiyanirana pamene tinthu tachepa chonchi. Pa 29 October 2003 ona mabowo ndi manambala okayikitsa. Pa 10 May 2024 ona mmene liwiro, kuchuluka ndi kutentha zikudumphira limodzi pamene shock, funde la mwadzidzidzi lotsogolera namondwe, yafika, kenako fufuza maola amene kutentha kwagwa pansi pamene liwiro likadali lokwera. Kawirikawiri mphepo yothamanga imakhala yotenthanso, ndiye yothamanga koma yozizira, makamaka helium atachuluka, ndi chizindikiro chakuti chombo chili mkati mwa mtambo umene dzuwa lalavula.

Agogo akowo ukawauze kuti kumeneko kunapita chikho chokhala ndi sefa pakamwa. Ukawakumbutse mmene amadziwira kuti chimanga chauma popanda makina, pongomva kulira kwake akachiluma ndi kupepuka kwake m'manja, ndipo akakayika amaitana mnzawo kuti alumeko naye. Akakufunsa ngati dzanja lingapse pa madigiri 100,000 amenewo, uwauze kuti ayi, tinthu take n'tochepa kwambiri moti sitingatenthetse ngakhale chikhadabo. Chingawotche dzanjalo ndi kuwala kwa dzuwa lenilenilo. Ukajambula girafu ya Wind ndi ACE ya 10 May 2024, unditumizire ndione ngati ma 9 aja wawachotsa.